Dzina Logwa Panjira ya ku Joni

Basi yochokera ku Blantyre imafika ku Johannesburg munthu atatheratu. Wadutsa pa Mwanza, waoloka Zambezi pa Tete, waodzera chokhala kuyambira pa Nyamapanda, waima pamzere pa Beitbridge mpaka mapazi kutupa, ndipo pofika ku Park Station maso amangosaka zinthu ziwiri: chikwama chako ndi nkhope ya amene wabwera kudzakuchingamira. Amene watsika basi imeneyi safunsa kuti zaluso za mumzinda muno zimapezeka kuti. Inenso sindinafunse. Ndinapita kukaona achemwali anga amene amagwira ntchito ya m'nyumba kumpoto kwa mzindawo, ndipo popeza iwo amanyamuka kusanache n'kubwera dzuwa litalowa, masiku ambiri ndinkatsala ndekha, choncho ndinayamba kuyenda.

Tsiku lina ndikuchokera m'tauni kulowera ku Braamfontein, ndinadutsa pa kabwalo kena kumapeto kwa mlatho wa Queen Elizabeth, umene umadumpha njanji zambirimbiri za sitima. Pakabwalopo panaimikidwa zidutswa zazikulu za chitsulo, zina zakuda zina zoyera, zotalika kuposa nyumba wamba. Zinkaoneka ngati malata amene chimphepo chasasula padenga n'kuwasiya ali chiimire. Ndinangozilambalala. Madzulo pobwerera ndinadzera pamlatho pomwepo, tsopano ndikuyang'ana kumene ndinachokera m'mawa, ndipo nditafika pamalo ena zidutswa zija zinalumikizana m'maso mwanga. Patsogolo panga panaima mayi akuyenda, atasenza mbaula pamutu. Ndinasuntha pang'ono kumanja, mayi uja anamwazika n'kusanduka malata. Ndinabwerera pomwe ndinaima, mayi uja nayenso anabwerera.

Chiboliboli chimenechi dzina lake ndi Fire Walker. Anachipanga ndi William Kentridge ndi Gerhard Marx, ndipo chinaimikidwa mu 2009, mzindawo ukudzikongoletsa pokonzekera mpira wa dziko lonse wa 2010. Kutalika kwake n'kopitirira mamita 10. Mayi amene akuonekayo akuimira azimayi amene amayenda m'misewu ya m'dera lomwelo atasenza mbaula zoyaka, kukasaka ngodya yabwino yootcherapo chimanga kapena mitu ya nkhosa yogulitsa kwa odikira matakisi. Chinandisangalatsa n'chakuti liwu loti mbaula silifuna womasulira kumeneko. Azulu amati imbawula. Ndi chinthu chomwecho, makala omwewo, utsi womwewo wolowa m'maso.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, anthu akundigunda mapewa podutsa. Mizinda ikuluikulu imakonda kuimika ziboliboli za akazembe ankhondo ndi atsogoleri okwera akavalo, ndipo munthu ukhoza kuwazungulira mbali zonse, amaonekabe iwo omwewo. Mayi uyu ayi. Kuti umuone uyenera kuima pamalo amodzi okha, ndiponso uyenera kuima ndithu, osathamanga. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikukhulupirira kuti amisiri awiriwa anachita dala, chifukwa ndi mmenenso mzinda umawaonera anthu otere: zidutswa m'mbali mwa diso, utsi pangodya, dzanja lolandira ndalama n'kubweza chenje. Munthu wathunthu amaoneka kamodzikamodzi, kwa amene wavomera kuchedwa.

Koma pomwepo m'pamene linandigwira funso limene silinandisiye mpaka ndinabwerera kumudzi. Mayina a amisiri ndinawadziwa mosavuta. Dzina la mayiyo nanga?

Funso limeneli lili ndi mizu kwa ife. Golide atapezeka m'dera limeneli mu 1886, mzinda unamera pomwe panali tchire, ndipo kwa zaka zambirimbiri manja okumba pansi ankachokera kutali, kuphatikizapo kwathu. Agogo athu ankalembedwa ntchito ndi bungwe la Wenela n'kupita ku Joni, ndipo kumgodi ankadziwika ndi nambala. Mu 1974 ndege yonyamula anthu obwerera kuchokera kumigodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, Amalawi opitirira 70 anafera pomwepo, boma la Kamuzu Banda n'kuimitsa ulendo wa ku Wenela. Ena amene anapita kalelo sanabwerere n'komwe, ndipo tinawapatsa dzina limodzi onse: matchona. Mzinda umenewu unazolowera kulandira ntchito ya manja athu popanda kufunsa kuti manjawo ndi a yani.

Patapita masiku angapo ndinapita ku Rosebank, kumene kuli nyumba zoonetseramo zaluso zotchuka. Everard Read inayamba mu 1913, ndipo chapafupi pali Goodman Gallery imene inatsegulidwa mu 1966. Kulowa n'kwaulere, koma phazi limalemera pakhomo. Makoma ndi oyera mbee, anthu amalankhula monong'ona ngati ali pamaliro, ndipo chithunzi chimodzi chimapatsidwa khoma lonse chokha. Kwathu khoma la pabalaza limanyamula kalendala ya tchalitchi, chithunzi cha ukwati, satifiketi ya mwana ndi wotchi yoima, zonse mothinana. Apa ndinaphunzira kuti malo opanda kanthu nawo ali ndi ntchito yake, amakakamiza diso kukhala pa chinthu chimodzi. Ndinazindikiranso kakhadi kakang'ono kamene kamamatidwa pambali pa ntchito iliyonse. Pamalembedwa dzina la mmisiri, chaka chimene anabadwa, dzina la ntchitoyo, chaka chimene anaipanga ndi zipangizo zimene anagwiritsa ntchito. Kakhadiko n'kochepa kuposa chikhatho, koma anthu ambiri amayamba ndi kuwerenga kameneko asanayang'ane chithunzicho.

Tsiku lomwelo, musitolo ina ya mipando ndi zokongoletsa m'nyumba, ndinakumana ndi mnansi. Unali mpando wolukidwa ndi nsungwi, wa msana wozungulira ndi timabowo tolukidwa mwadongosolo, uja timauona m'mbali mwa misewu kwathu ukudikira wogula padzuwa. Unali utapakidwa penti yoyera, utaikidwa katsamiro, ndipo nyali inkauwalira kuchokera pamwamba. Ku South Africa mpando umenewu ndi wotchuka kwambiri, amaupatsa dzina la dziko lathu, ndipo umapezeka m'mahotela ndi m'makhonde a nyumba zapamwamba. Ndinamva kunyada, sindinama. Ndinaugwira pamsana n'kumva pomwe wolukayo anabisa nsonga ya nsungwi kuti isalase munthu. Kenako ndinatembenuza kapepala ka mtengo. Panalembedwa mtundu wa penti, kukula kwa mpando, dziko lochokera ndi mtengo umene unandiumitsa pakamwa. Dzina la woluka panalibe.

Sindikunena kuti wina anaba. Mpando umafunika kunyamulidwa palole, kulipiridwa msonkho pachipata, kupakidwa penti, kulipiridwa lendi ya sitolo, ndipo pali mabanja kwathu amene amadya nsima chifukwa cha malonda amenewa. Chimene chinandivuta n'chakuti paulendo womwe uja ndinayenda ine, wa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, mpando unafika wathunthu, miyendo yonse inayi, koma dzina linagwera panjira. Dziko lonse linatenga malo a munthu mmodzi. Zili ngati kuti mipando imeneyi imamera yokha m'dambo, ngati bowa mvula ikagwa, pomwe pali munthu amene anasankha nsungwi yokhwima bwino, naing'amba ndi mpeni kuti tizingwe tifanane, nakhala masiku ataweramira pansi mpaka khosi kuuma.

Mtima wanga unakhazikika pang'ono nditaona ntchito ya Billie Zangewa. Ndinali ndisanamvepo za iye kwathu, chikhalirecho anabadwira ku Blantyre mu 1973. Anakulira ku Botswana, anaphunzira zaluso ku yunivesite ya Rhodes, ndipo amakhala ku Johannesburg komweko. Ntchito zake zaonetsedwa ku Paris, ku New York ndi ku London. Ukaziona patali umayesa n'zojambula ndi utoto. Ukayandikira umapeza kuti ndi nsalu ya silika, yodulidwa tizidutswatizidutswa n'kusokedwa pamanja, ulusi ukuoneka poyera. Nkhope imodzi ikhoza kukhala ndi tinsalu tambiri tofiirira mosiyanasiyana, kamodzi ka patsaya pomwe pagwa kuwala, kena ka pansi pa chibwano pomwe pali mthunzi. Silika amanyezimira mosiyana ukasuntha, choncho khungu la munthu wa pansaluyo limaoneka ngati likupuma.

Ndiye zimene amasokazo. Mayi ali m'khitchini mwana ali m'manja. Mayi akuperekeza mwana kusukulu atamunyamulira chikwama. Mayi wagona pampando, watopa, akuwerenga. Nthawi zambiri mayiyo ndi iye mwini. M'mphepete mwa nsalu zake simukhala mowongoka, mbali ina imakhala yodukaduka, kwina ngodya yonse kulibe, ngati kuti wina anabwera ndi lumo n'kuchotsapo gawo. Nditaona zimenezo ndinakumbukira tsiku la amayi anga mmene linkakhalira: silinkatha lathunthu, nthawi zonse pankakhala wina wodulapo, mlendo, mwana wodwala, maliro a kutsidya.

Ndinakula ndikuona singano ndi ulusi ngati zida za umphawi. Amayi ankasoka zigamba pa kabudula wanga wa sukulu usiku, pa koloboyi, akusankha kansalu koyandikira mtundu kuti anzanga asandiseke. Ankasonkhanitsa tizidutswa totsala kwa telala wa pakhonde la sitolo n'kutilumikiza kukhala chofunda. Palibe amene ankatchula zimenezo kuti luso, kunali kungodziwa kusamala pakhomo. Tsono pano ndinaima kutsogolo kwa msoko womwe uja, kulowa ndi kutuluka kwa singano komwe kuja, uli pakhoma loyera, anthu akuuyang'ana mwaulemu manja ali kumbuyo. Chimene Zangewa wachita n'chachikulu. Sanabise kuti ntchito yake ndi kusoka, sanaisandutse chinthu china kuti ilemekezeke. Watenga ntchito ya azimayi ya m'nyumba n'kujambulira moyo wa azimayi wa m'nyumba, nasainapo dzina lake ndi ulusi. Diso langa ndi limene linali lisanaphunzire kuona kuti kusankha kansalu koyenera pa chigamba ndi nzeru yofanana ndi kusankha kansalu koyenera pa tsaya.

Mu 2004 Zangewa analandira mphoto yotchedwa dzina la Gerard Sekoto, ndipo dzina limenelo lili ndi mbiri yake. Mu 1940 nyumba ya zaluso ya mzindawo, Johannesburg Art Gallery ya ku Joubert Park, inagula chithunzi cha Sekoto cha nyumba zachikasu za ku Sophiatown, ndipo aka kanali koyamba kuti igule ntchito ya mmisiri wakuda. Mu 1947 Sekoto anapita ku Paris, sanabwererenso kwawo mpaka anamwalira mu 1993. Kakhadi kakang'ono kaja sikanali ka aliyense chiyambire, panali anthu amene anachita kukalimbanira.

Madzulo ena ndinaonetsa achemwali pafoni zithunzi za ntchito ya Mary Sibande. Iye amaumba mayi wotchedwa Sophie, wovala yunifolomu ya buluu ya wantchito wa m'nyumba, ndi epuloni yoyera ndi duku, koma diresi yake ndi yaikulu ngati ya mfumukazi, imasefukira pansi mpaka kudzaza chipinda. Maso a Sophie amakhala otsinzina. Amayi ake a Sibande, agogo ake ndi amayi a agogo akewo onse anagwirapo ntchito ya m'nyumba za anthu, ndipo mu 2010 zithunzi zikuluzikulu za Sophie zinapachikidwa pa nyumba zitalizitali za m'kati mwa Johannesburg. Achemwali anayang'ana nthawi yaitali, akukulitsa chithunzi ndi zala.

"Achimwene, maso watsinziniranji?"

Ndinati anthu amati akulota.

"Mwina," anatero. "Kapena akungopumula. Pamene wangokhala chete pamenepo palibe amene akumuitana."

Anandibwezera foni n'kukavundula nsima. Yunifolomu yawo inali pachingwe kuseri kwa chitseko, yabuluunso.

Amene anandiphunzitsa kwambiri sanali m'nyumba ya makoma oyera. Anali pa maloboti ena a kumpoto kwa mzinda, atakhala pa kabokosi, pambali pake atayala zinthu zopangidwa ndi waya ndi mikanda: nkhanga, abuluzi, maluwa, nkhosa yaikulu ngati yeniyeni. Ambiri ogulitsa zimenezi m'misewu ya Johannesburg ndi ochokera ku Zimbabwe, ndiye ndinamupatsa moni m'Chingelezi. Foni yake inalira, ndipo ndinamva akuyankha m'Chichewa chosakaniza ndi Chiyao. Atamaliza ndinati, "Achimwene, kodi ndinu akumudzi?" Anaseka mpaka kugwetsa pulayazi, nandisunthira kabokosi kena kuti ndikhale.

Anandiuza kuti palibe anamuphunzitsa kupinda waya. Anayamba ngati ife tonse, ndi galimoto zamawaya, zija za chiwongolero chachitali chofika m'chiuno, matayala a zitsekerero za mabotolo, tikuthamangitsana m'fumbi. Kuika mikanda ndi kumene anaphunzira kwa anzake a ku Zimbabwe atafika kuno. Ndinamuyang'ana akupanga nkhanga. Analibe chojambula choonera. Ankapinda waya wokhuthala kupanga mafupa, kenako n'kumazunguliza waya wopyapyala wodzaza mikanda, wakuda wakuda woyera, wakuda wakuda woyera, chala chachikulu chikukankha mzere uliwonse kuti ugundane ndi unzake. Maso ake theka anali pa ntchito, theka pa magalimoto oima pa loboti yofiira. Khosi la nkhangayo analipinda pang'ono chammbali, monga imachitira ikamva phokoso m'tchire. Munthu amene sanaonepo nkhanga yamoyo sangadziwe kupinda kumeneko.

Luso la waya lili ndi mbiri yake m'dziko limenelo. Alonda a Chizulu ogwira ntchito usiku m'mizinda ankatola mawaya a telefoni amitundumitundu otayidwa n'kumakulunga pa zibonga zawo kuti tulo tisawagwire. Kenako anayamba kulukira mawayawo timadengu totchedwa imbenge, timene kale tinkalukidwa ndi udzu kuti tizivundikira mphika wa mowa. Lero timadengu timeneti timagulitsidwa kunja kwa nyanja, ndipo oluka ena amadziwika ndi mayina awo, ntchito zawo zili m'nyumba zosungiramo zaluso. Chinayamba ndi munthu wotopa wolondera chuma cha wina, manja ake akukana kukhala chabe.

Ndinamufunsa mnzanga uja ngati sizimuwawa kuti nkhanga zake zimapita m'nyumba za anthu, zina mpaka ku Ulaya, popanda wodziwa amene anazipanga.

"Bwanji osadziwika?" anatero. Anatembenuza nkhanga ija n'kundionetsa kumimba. "Onani apa. Ine waya ndimamalizira chonchi, kukulunga katatu n'kubweza nsonga m'kati. Uyo wa patsidyapo amadula n'kupinda kamodzi. Mutasakaniza zanga ndi zake m'thumba limodzi, anyamata onse a pamsewu uno akhoza kukusankhirani. Osadziwa ndi ogulawo."

Mawu amenewa ndinayenda nawo masiku onse otsala. Ndinali nditayamba kuganiza kuti dziko la zaluso lagawika pawiri, ena ali ndi mayina ena alibe, ndiponso kuti chofunika n'kupatsa aliyense kakhadi. Mnzangayo anandikonza. Dzina lilipo kale, lili m'kakulungidwe ka waya, m'kabisidwe ka nsonga ya nsungwi. Chimene chimasowa ndi munthu wodziwa kuliwerenga. Kakhadi ka pakhoma kanapangidwira alendo, anthu amene ali kutali ndi mmisiri moti sangamuzindikire ndi dzanja lake. Mzinda waukulu ndi malo amene pafupifupi aliyense ndi mlendo kwa mnzake, n'chifukwa chake kakhadiko kali ndi mphamvu yotere kumeneko, mphamvu yokweza mtengo, yolowetsa munthu m'mabuku, yochititsa kuti zidzukulu zidzamupeze. Ndikufunabe kuti woluka mpando uja alembedwe dzina, chifukwa mpando wake wapita kwa alendo, ndipo pakati pa alendo chosalembedwa chimafufutika. Koma ndinasiya kumumvera chisoni ngati munthu wopanda dzina. Kwawo akumudziwa, ndipo amene amafuna mpando wolimba amadziwa khomo loti agogode.

Ndinaganizanso za mayi wa mbaula uja. Mwina amisiri aja sanamupatse dzina chifukwa sanali mmodzi. Koma ndikhulupirira kuti azimayi ootcha chimanga pafupi ndi mlathowo akamuyang'ana amaona wina wake amene amamudziwa, kayendedwe kake, kasenzedwe kake.

Nkhanga ija ndinaigula, ndipo inayenda nane ulendo wonse wobwerera ili pamiyendo kuti isaphwanyike. Nditafika kumudzi ndinaipereka kwa amayi, iwo n'kuiika pamwamba pa kabati. Pakona ya chipinda chomwecho pali mtsuko wa madzi akumwa umene wakhalapo chibadwire changa, wakuda ndi utsi, wokhala ndi timizere tosongoka tozungulira khosi. Ndamwa madzi ake ozizira zaka zonsezi osauyang'ana. Tsiku limenelo ndinagwada n'kuyendetsa chala m'timizeremo, ndipo ndinaona kuti pa timizere tinayi tilitonse pali kadontho kobooledwa ndi kamtengo.

"Amayi, mtsuko uwu anaumba ndani?"

Sanatembenuke n'komwe, anapitiriza kusankha nyemba m'lichero. Anatchula dzina la mayiyo, natchula la amayi ake amene anamuphunzitsa, nanena mudzi umene anakwatiwako ndi dambo limene ankakumbako dothi. Anati miphika yake inkalira ngati belu ukaigogoda ndi chala, ndipo timadontho timeneto ankaika iye yekha m'dera lonselo. Kenako anandiuza kuti ndivundikire mtsukowo, mungagwe zinyalala.